Tsabola Wakale Amene Akali Kuwawa

Mwezi wathawu msuweni wathu anatulukira pakhomo atamanga thumba kumbuyo kwa njinga. Atalimasula munatuluka chainsaw ya malemu malume athu, makina oceka mitengo aja amene anali kumveka mudzi wonse ife tili ana. Inali itagona zaka 15 m'kanyumba kosungiramo makasu kumunda kwao kufupi ndi Chipata. Utoto unali utasupuka, cheni itagwira dzimbiri, ndipo mavu anali atamata dothi ku ekizosi. "Asuweni," anatero, "ndinati ndikagulitse kwa ogula zitsulo zakutha, koma mtima wandikaniza. Taonani ngati mukali moyo m'menemu." Tinailandira ndi manja awiri, pakuti kudzutsa makina akale ndiyo nchito imene timaikonda Loweruka masana, ngakhale kuti sitipezapo ngwee.

Sitili tokha pa cizolowezi cimeneci. Ku America, Canada, Germany ndi Sweden kuli anthu ambiri amene amafunafuna ma chainsaw akale m'mafamu ndi m'misika ya katundu wakale, nawaphwasula, kuwatsuka, kuwapenta ndi kuwalizanso, mongokondweretsa mtima. Cimene cimawakoka ndi mbiri ya makinawa. Mu 1926 Andreas Stihl wa ku Stuttgart anapanga chainsaw yoyendera magetsi, ndipo mu 1927 Emil Lerp wa kampani ya Dolmar anatulutsa yoyendera petulo. Zoyambazo zinali zolemera kotero kuti zinafuna amuna awiri, wina uku wina uko. Mu 1949 kampani ya McCulloch ya ku America inatulutsa yonyamula munthu mmodzi, yolemera makilogalamu 11, ndipo mu 1963 kunabwera Homelite XL-12 yosakwana makilogalamu 6. Ya malume ndi Stihl 070, mtundu umene unayamba kupangidwa mu 1968, wa injini yaikulu ya 106 cc, umene oceka matabwa m'maiko ambiri a mu Africa anaukonda cifukwa ca mphamvu zake.

Cinthu coyamba cimene wokonza ayenera kuphunzira ndi kuugwira mtima. Munthu akapeza makina otere, dzanja limathamangira ku cingwe colizira. Tisatero ai. Injini imene yagona zaka zambiri imakhala youma m'kati, ndipo kuikoka mwamphamvu kungakande silinda imene inali yabwinobwino. Ife tinayamba ndi kutsuka kunja ndi palafini ndi kaburashi, kuti dothi lisagwere m'kati pomasula. Thupi la ma chainsaw akale ndi la magnesium, citsulo copepuka cimene cimadyeka cikakhalitsa pa simenti yonyowa, conco tinayang'ana kunsi kwa thanki ngati kunabooka. Mwamwai malume anali kuipacika ku denga, ndipo kunalibe bowo.

Injini ifuna zinthu zitatu kuti ilire: mpweya wopanikizika bwino m'silinda, moto wa pa pulagi, ndi petulo wofika pa muyeso wake. Ndi bwino kuziyesa motsatana, kuyambira pa cimene cimadya ndalama zambiri. Tinamasula ekizosi ndi kusuzumira pa bowo kuti tione pisitoni. Ikakhala ndi mikwingwirima yozama yotsika pansi, ndiye kuti injini inapsa, kawirikawiri cifukwa wina anathiramo petulo wopanda oilo, ndipo pamenepo munthu ayambe wawerenga za m'thumba asanapitirire. Ya malume inali yosalala. Tinadonthezera oilo pang'ono pa bowo la pulagi, ndipo titabwezera pulagi tinakoka cingwe pang'onopang'ono. Cinali kulimbana ndi dzanja monga ciyenera.

Kenaka tinayesa moto. Tinatenga pulagi yatsopano, mpata wa pakamwa pake theka la milimita, ndi kuigunditsa ku citsulo ca injini uku tikukoka. Sipanaoneke kanthu. Ma chainsaw akale amathetheka moto mothandizidwa ndi tizitsulo tiwiri totseguka ndi kutseka kuseri kwa gudumu la maginito, timene amakanika amati mapointi. Tinapeza titada ndi litsiro. Titatipala ndi sandipepa yosalala, moto wabuluu unathetheka.

Vuto lalikulu linali ku petulo, monga zimakhalira nthawi zambiri. Petulo wokhalitsa amauma nasiya phula lonunkha ngati vanishi, limene limatseka timabowo ta kabyuleta. Paipi ya m'thanki inathyoka ngati phesi louma titangoikhudza. M'kabyuleta muli tizikopa tiwiri topyapyala timene timapopa ndi kuyeza petulo. Ndi timeneti timene timalola chainsaw kulira ili cagada kapena cam'mbali, pamene zakale kwambiri zinali kuzima zikapendekeka. Tizikopato tinali titauma gwa. Zonse zimene tinagula, paipi, sefa ya petulo, tizikopa ndi pulagi, zinakwana m'dzanja limodzi. Makina amene anatsala pang'ono kugulitsidwa pa sikelo anali atagonekedwa ndi tinthu timeneti basi.

Tinasakaniza petulo watsopano ndi oilo wa injini za two-stroke. Mabuku akale ambiri anali kulamula gawo limodzi la oilo pa magawo 25 a petulo, ndiko kuti mamililita 40 pa lita imodzi. Oilo wabwino wa masiku ano amalembedwa 50 kwa 1, mamililita 20 pa lita. Oilo wa galimoto, makamaka wakuda uja wokhetsedwa m'injini, asayandikire. Titakoka kangapo inatsokomola, kenaka inalira, utsi uli tolotolo, nkhuku zili balalabalala. Tinachera khutu kuti timve ngati ikuthamanga yokha mosatsika, cimene cikanasonyeza kuti mpweya ukulowera pa malabala otha a m'mbali mwa injini; yotere imapsa msanga ndipo iyenera kuzimitsidwa pomwepo. Inali kulira modekha. Msuweni wathu anakhala pansi cete, ndipo patapita nthawi anati ilo ndilo liu limene linali kumudzutsa m'mamawa ali mwana.

Apa, okondedwa awerengi, ndi pamene pagona nkhani yathu ya mwezi uno. Mphwathu wa zaka 19, amene anatithandiza kutsuka, anali atainyamula kale. "Malume, ndibwerekeni ndikagwetse mtengo wa mango wouma uja kuseri kwa nyumba." Tinamukaniza, ndipo anakhumudwa kwambiri. Akuluakulu amati tsabola wakale sawawa, koma mwambi umenewu sugwira pa chainsaw. Yakale imaluma kuposa yatsopano.

Cheni imathamanga pafupifupi mamita 20 pa sekondi imodzi. Citsulo cacitali cimene cheni imayendapo cimachedwa bala. Nsonga ya bala ikakhudza nthambi ndi mbali yake ya pamwamba, makina onse amadumpha kubwerera ku nkhope ya munthu iye asanaphethire. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 makampani a Stihl ndi Husqvarna anayamba kuika buleki imene imaimitsa cheni nthawi yomweyo makina akadumpha. Ya malume ilibe buleki imeneyi. Ilibenso malabala ocepetsa kunjenjemera pa zogwirira, ndipo ambiri amene anagwira makina otere kwa zaka anadwala matenda a zala zoyera ndi zadzanzi. Phokoso nalo limagonthetsa pang'onopang'ono. Malume athu pa ukalamba wao tinali kulankhula nao mofuula.

Ndiye cifukwa cake ife timati kukonza sikuthera pamene injini yalira. Pamenepo theka la nchito likali m'tsogolo. Cheni yadzimbiri ija tinaitaya, pakuti ingaduke ndi kukwapula dzanja. Tinaonetsetsa kuti injini ikamalira pang'onopang'ono cheni ili ciimire. Ikamayenda yokha, ndiye kuti masipuling'i a kilachi atha kapena kabyuleta siinachunidwe bwino. Tinalozetsa nsonga ya bala pa thabwa loyera kuti tione ngati oilo wa cheni akuwazika. Tinayesa swichi yozimitsira kangapo konse, pakuti makina osazima pamene mwini afuna ndi cilombo.

Cotsiriza ndi kunola. Cheni imene tonse tigwiritsa nchito lero inacokera kwa Joseph Cox, wodula mitengo wa ku Oregon, amene anaona mmene mphutsi yoboola mitengo imadyera ndi nsagwada zake zopindika, nayamba kupanga cheni ya mano otero ku Portland mu 1947. Dzino lililonse limasema ngati kasemasema. Pa cheni yaikulu ya 070 timagwiritsa nchito tupa wobulungira wa mamilimita 5.5, wopendekeka madigiri 30, ndipo dzino lililonse lilandire muyeso wofanana ndi linzake. Cheni yakuthwa imalavula tizipalapala ndipo imalowa yokha mumtengo. Yobuntha imatulutsa fumbi ngati ufa, munthu amayamba kukankha ndi mphamvu, amatopa, ndipo ngozi zambiri zimabwera pamenepo.

Anzathu a kunja aja ambiri amagawa makina ao pawiri: ena ogwira nchito, ena ongoliza pa tsiku la cionetsero ndi kuwabwezera pa shelefu. Sacita manyazi kunena kuti makina okongola amene ataya pa iwo miyezi yambiri si oyenera kupita nao kuthengo. Ife ndi msuweni tinagwirizana motere: ya malume idzaceka zipika zogona pansi zokha, m'manja mwa munthu wozolowera, atavala nsapato zolimba, magalasi ndi zotseka m'makutu, wina ali pafupi. Kugwetsa mitengo ndi kusadza nthambi, ai. Tinakumbutsananso kuti kukhala ndi chainsaw si cilolezo. Wofuna kudula mitengo ya matabwa m'nkhalango ayambe wapita ku ofesi ya za nkhalango. Ndipo ikatha nchito, petulo akhetsedwe m'thanki, injini ilire mpaka izime yokha, kenaka ipacikidwe pouma, kuti isadwalenso matenda omwe aja.

Ngati m'kanyumba kanu mwagona makina otere, musathamangire nao ku sikelo ya ogula zitsulo, ndiponso musathamangire nao ku mtengo. Yambani ndi palafini ndi kaburashi. Mphwathu uja mkwiyo wake unatha. Mtengo wa mango anaugwetsa ndi nkhwangwa, ndipo Loweruka likudzali abwera kudzaphunzira kunola. Tamuikira kale tupa ndi cheni ina yakutha yoyeserapo.