Tisanagule Mbedza, Tiyambe Tafunsa: Maganizo pa Usodzi wa Striped Bass ku Lake Texoma

Nkhani ya nsomba siitha pakati pathu. Tikakumana, wina amadandaula kuti tilapia ya m'sitolo siifika pa chambo, wina n'kumafunsa ngati alipo amene akuchokera kumudzi ndi kathumba ka usipa. Chikhalirecho, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 120 kumpoto kwa Dallas pali nyanja ya Texoma, imene anthu amaipitira kuchokera m'madera akutali pofuna nsomba imodzi yokha, striped bass, kapena kuti striper monga amaitchulira eni dziko. Ena mwa ife ayamba kufunsa mmene angayambire usodzi umenewu. Yankho langa ndi lakuti munthu asayambire ku sitolo ya mbedza. Ayambe ndi laisensi, awerenge malamulo, ndipo ulendo woyamba apite ndi munthu woidziwa nyanjayo.

Nsombayi kwawo kwenikweni ndi m'nyanja ya mchere ya Atlantic. Nthawi yoswana imakwera m'mitsinje, monga mmene mpasa umachokera m'nyanja ya Malawi kukwera mtsinje wa Bua. Mu 1941, atatseka madamu a Santee Cooper ku South Carolina, nsomba zina zimene zinali zitakwera mtsinje zinatsekeredwa kumtunda. Sizinafe ayi. Zinakula ndipo zinaswana m'madzi opanda mchere, ndiye maboma ena ataona zimenezi anayamba kuthira nsombazi m'nyanja zawo. Ku Texoma, nyanja imene inapangidwa ndi damu la Denison mu 1944, anayamba kuzithira mu 1965, ndipo pofika 1974 zinadziwika kuti zikuswana zokha.

Kuswana kumeneku si chinthu chochitika paliponse. Mazira a striper amafuna madzi oyenda oti aziwayandamitsa kwa masiku awiri kapena kuposerapo mpaka ataswa. Akagwa pansi m'matope amafa. N'chifukwa chake nyanja zambiri zimadalira tiana tochokera kumalo oswetsera nsomba chaka ndi chaka. Texoma ili ndi mwayi wa mitsinje iwiri italiitali, Red ndi Washita, imene imanyamula mazirawo mpaka ataswa. Ndafotokoza zimenezi kuti timvetse pamene pachokera lamulo limene ena amaliona ngati nkhanza.

Lamulolo likuti munthu mmodzi atenge nsomba zosapitirira 10 pa tsiku, ndipo mwa zimenezo ziwiri zokha ndi zimene zingakhale zotalika mainchesi 20 kapena kuposerapo, omwe ndi masentimita pafupifupi 51. Nsomba ukaiika kale m'bokosi saloleza kuibweza m'madzi kuti utenge ina yaikulupo. Striper imagwidwa ndi mbedza basi. Ukonde amauloleza pogwira tinsomba ta nyambo tokha. Ndipo apa ndikufuna timvane bwino, popeza ife tinazolowera kugulitsana zakudya pambuyo pa mapemphero: kugulitsa striper imene mwawedza ndi mlandu. Kugawira mnzanu ndi nkhani ina, koma ndalama isalowepo.

Ndamvapo ena akunena kuti nyanja yaikulu chonchija siingathe nsomba. Mawu amenewa sayenera kutuluka pakamwa pa Mmalawi. Amene tinakula m'zaka za m'ma 1980 tikukumbukira chambo chili ndiwo ya munthu wamba, ndipo tikudziwa chimene chinachitika ku nyanja ya Malombe makoka a timabowo ting'onoting'ono atachuluka. Nsomba zazikazi zikuluzikulu ndi zimene zimaikira mazira ambiri. Lamulo la nsomba ziwiri zazikulu likuteteza zimenezo.

Palinso chifukwa china chimene sitikonda kuchitchula poyera. Ambiri a ife tili ndi mapepala amene akuyembekeza ku maofesi a boma, ndiponso ziphaso za ntchito yosamalira odwala ndi okalamba zimene zimafuna mbiri yoyera. Oyang'anira nyama ndi nsomba kuno ali ndi mphamvu za apolisi, ndipo amafika pa boti kapena pa gombe kudzapempha laisensi ndi kuwerenga nsomba. Kodi ndi nzeru kuika dzina lako m'kaundula wa milandu chifukwa cha nsomba imodzi yoonjezera? Tikumbukirenso kuti gawo lalikulu la Texoma lili ku Oklahoma, kotero laisensi ya Texas yokha siikwanira boti likawoloka malire, ndipo pamadzi palibe chikwangwani. Maboma awiriwa ali ndi laisensi yapadera ya Lake Texoma, yotsika mtengo, yogwira ntchito pa nyanja yonse. Imeneyo ndi imene woyamba agule. Ku Texas ana osakwana zaka 17 safunika laisensi, ndipo amene akufuna kungolawa kaye angathe kuwedza ali pa gombe mkati mwa Eisenhower State Park, pafupi ndi Denison, popanda laisensi, atalipira ndalama yolowera. Malamulo a chiwerengero cha nsomba amagwirabe ntchito ngakhale pamenepo. Amene muli m'madera ena muwerenge malamulo a nyanja yanu, chifukwa amasiyana ngakhale mkati mwa Texas momwemo.

Tsono nanga bwanji ndikuumirira za kupita ndi wodziwa? Chifukwa striper siikhala pansi pa mtengo umodzi kudikira nyambo monga mlamba wa m'dambo. Imayenda m'magulu pakati pa nyanja kutsatira tinsomba totchedwa shad, timene tingati ndi usipa wa kuno. Kumene kunali nsomba dzulo, lero kungakhale madzi okhaokha. M'miyezi ya April ndi May zambiri zimalowera kumitsinje kukaswana. Kukatentha zimatsikira pansi kufuna madzi ozizira, koma sizingatsike kwambiri popeza pansi penipeni mpweya umachepa nyengo imeneyo. Motero zimaunjikana pa mlingo umodzi, ndipo amene waika nyambo yake pamwamba kapena pansi pa mlingowo angakhale tsiku lonse osagwira kanthu. Kukayamba kuzizira, kuyambira October, mbalame za panyanja zimaulula chinsinsi: pamene zikuzungulira ndi kugwera m'madzi, pansi pake striper zikuthamangitsa shad.

Zonsezi munthu angaziwerenge, koma kuziona m'mawa umodzi ndi msodzi wa ganyu, amene kuno amati guide, kumaphunzitsa kuposa miyezi itatu yoyendayenda wekha. Iye amabwera ndi boti, ndodo, nyambo ndi makina oonera nsomba pansi pa madzi, ndipo ambiri amakonzanso nsombazo pomaliza. Mtengo wake ndi wolemera kwa munthu mmodzi, koma anthu anayi kapena asanu akasonkha umapepuka. Ena adzati ndalama imeneyo bwenzi titagula nsomba za mwezi wathunthu. N'zoona ndithu, ndipo ngati cholinga ndi ndiwo yokha, sitolo ndi yotchipa. Koma ine ndikuona abale akugwira mashifiti awiri motsatizana, sabata ndi sabata, osadziwa kumene dzuwa la Texas limatulukira. Timasamalira makolo a anthu ena usiku wonse, ana athu akukula ndi foni m'manja. Tsiku limodzi pamadzi ndi mwana wako silingayerekezedwe ndi mtengo wa paundi ya nsomba.

Mukabwerako ku ulendo woyambawo m'pamene mugule zanu, ndipo sizifuna zambiri: ndodo imodzi yolimba bwino ya mafiti 7, chingwe chopirira mapaundi 15 mpaka 20, mbedza zopindika mozungulira zimene zimakola pakona pa kamwa, ndi tizitsulo tolemera tooneka ngati kansomba timene amati slab. Za boti ziiwaleni kaye. Safunsa anadya phula, ndipo maboti ambiri ogulidwa ndi chimwemwe cha tsiku limodzi akuola m'mabwalo a nyumba. Musanyengekenso ndi zithunzi za nsomba zonga ija ya mapaundi 69 imene inagwidwa mu mtsinje wa Black Warrior ku Alabama mu 2013. Zambiri za ku Texoma ndi zazing'ono kutalitali ndi imeneyo, ndipo ndi zomwezo zokoma pa mbale.

Monga munthu amene ndinaphunzira unamwino, ndiloleni ndionjezere za thupi. Musachoke ku shifiti ya usiku n'kulunjika ku nyanja. Tulo pa chiwongolero ndi pa boti n'chimodzimodzi ndi mowa. Valani jekete yoyandamitsa ngakhale munakulira ku Nkhotakota, chifukwa mphepo ya pa Texoma imadzuka mwadzidzidzi ndipo madzi a mu December amaumitsa manja m'mphindi zochepa. Kwa ana osakwana zaka 13 ndi lamulo. Striper ili ndi minga yakuthwa pamsana ndi fupa lodula ngati lumo m'mbali mwa mutu. Amene muli ndi matenda a shuga muvale magolovesi, ndipo bala lililonse mulitsuke nthawi yomweyo ndi madzi oyera ndi sopo. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, pamodzi ndi ana aang'ono, asankhe nsomba zocheperapo, popeza mercury imaunjikana m'nsomba zazikulu zimene zakhala zikudya zinzake kwa zaka zambiri. Pokonza, chotsani mnofu wofiira wa m'mbali mwa msana, umene umapatsa nsombayi fungo lamphamvu.

Ndikupempha komiti yathu ya zachisangalalo kuti iike ulendowu pa ndondomeko ya October kapena November, pamene kutentha kwatha ndipo mbalame zayamba kulozera nsomba. Maboti awiri angakwane poyamba, lina la akuluakulu, lina la makolo ndi ana. Tsikulo lilengezedwe milungu isanu ndi umodzi lisanafike, kuti ife ogwira ntchito Loweruka tipeze nthawi yosinthana mashifiti ndi anzathu.