Tisadikire maliro kuti tithokoze agogo

Anzanga achinyamata, tulutsani ndalama ya K200 m'thumba muione bwinobwino. Mayi amene ali pa ndalamayo ndi a kwathu konkuno. Dzina lawo ndi Rose Chibambo, mwana wa a Ziba, ndipo anabadwa m'chaka cha 1928 ku Kafukule m'boma lino la Mzimba. Mu 1959 boma la atsamunda linawamanga atangobereka kumene, ndipo analowa m'ndende ya Zomba ndi khanda kumanja. Mu 1964 anakhala phungu wa dera la kum'mwera kwa Mzimba, koma chaka chomwecho anasemphana maganizo ndi Dr. Kamuzu Banda, kenaka n'kuthawira ku Zambia. Atabwerera mu 1994, ali kale gogo, anagwira ntchito ndi magulu a mipingo othandiza ana amasiye ndi akaidi. Anamwalira mu Januwale 2016.

Mayi Chibambo anachita mwayi, chifukwa nkhope yawo inaikidwa pa ndalama mu 2012 iwo akadali moyo. Anaona ndi maso awo kuti dziko likuwathokoza. Koma m'midzi ya ku Embangweni, Edingeni, Champhira, Luwerezi ndi Khosolo muli agogo ambirimbiri amene anamenya nkhondo ina yoopsa, ndipo sanamvepo mawu oti zikomo.

Munthu woyamba wodwala Edzi anapezeka m'dziko muno mu 1985, koma mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala mu 2004. Pa zaka za pakatipa, mwana akadwala kutauni kapena ku Joni, ankabwera naye kumudzi kwa mayi ake. Mayiwo ndiwo ankamusambitsa, kumuchapira zofunda ndi kumumwetsa phala, anthu akunong'onezana kuseri kwa nkhokwe. Maliro akatha, abale ankabalalika, adzukulu n'kutsala ndi agogo. Pa njala ya mu 2002 ena mwa agogowa ankagona ndi njala kuti tiana tidye. Ambiri a ife amene tili m'makalabu a achinyamata lero tinakulira kumsana kwa agogo otere, kapena makolo athu ndiwo anakulira komweko.

Tsopano agogowa ayamba kutisiya mmodzimmodzi. Ndakhala pa maliro awo angapo ndipo ndimamvetsera mbiri ya malemu ikamawerengedwa. Amatchula chaka chobadwa, chaka cha ubatizo, chaka chimene analowa umanyano, ndi chiwerengero cha ana ndi adzukulu. Za zaka zimene anadwazika ana awo satchula, chifukwa mawu oti Edzi timawaopabe pa maliro. Kenaka timasonkha ndalama za bokosi lokongola, pomwe malemuwo ankagona m'nyumba yodontha.

Maganizo anga ndi akuti ulemu wotere umafika mochedwa. Ena adzati kulera adzukulu ndi mwambo wathu, ndipo agogo sadandaula. N'zoona, sadandaula. Koma kusadandaula sikutanthauza kuti msana suwawa. Kale agogo ankalera mdzukulu makolo ake ali pafupi, akulima ndi kumuveka. Kusiyira mayi wa zaka 70 ana asanu, munda ndi fizi ya sukulu ndi nkhanza, ngakhale titaitcha mwambo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti katundu ameneyu tikuwasenzetsanso. Mabasi a ku Joni amanyamula anyamata ndi atsikana pa Mzimba boma ndi pa Jenda, ana n'kusiyidwa ndi agogo. Kusaka ntchito si tchimo. Vuto ndi kupita osadziwa mmene m'thupi mulili, kapena kusiya kumwa ma ARV ukafika kumeneko poopa kuti anzako akuona. Agogo amene anaika mwana wawo m'manda mankhwala kulibe asadzaikenso mdzukulu mankhwala alipo, aulere.

Nanga ife tingachite chiyani?

Choyamba, tiyezetse magazi. Ngati tapezeka ndi kachirombo ka HIV, tiyambe mankhwala msanga ndipo tizimwa tsiku lililonse. Munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika mpaka kachirombo kuchepetsetsa m'magazi sapatsira mnzake pogonana. Kuyambira mu 2011 mayi woyembekezera amene ali ndi kachirombo amayamba mankhwalawa nthawi yomweyo, kuti ateteze mwana wake ndi moyo wake womwe. Ngati tilibe kachirombo, tidziteteze podziletsa, kukhulupirika kapena kugwiritsa ntchito kondomu. Amene akukonza ulendo wa ku Joni ayambe afika kuchipatala, akafotokoze za ulendowo, atenge kalata ndi mankhwala okwanira.

Chachiwiri, kalabu iliyonse ilembe maina a agogo amene akulera ana m'mudzi mwawo. Loweruka limodzi pa mwezi tipite kukawatungira madzi, kuwawazira nkhuni, kufolera denga mvula isanagwe ndi kupalira chimanga. Izi sizifuna ndalama za bungwe lililonse. Mutu umodzi susenza denga, ndipo agogo alisenza okha kwa zaka zambiri.

Chachitatu, tikhale nawo pansi tiwafunse mbiri yawo akadali ndi mphamvu zolankhula. Ana awo anadwala liti? Ndani anawathandiza? Anapeza bwanji chakudya? Tilembe m'kope. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo nkhani zimenezi zidzaphunzitsa azing'ono athu za Edzi kuposa chikwangwani cha pamsewu. Tsiku la maliro likadzafika, ngati banja lavomera, mbiri imeneyi idzawerengedwe yonse, popanda manyazi.

Ngati munaleredwa ndi agogo ndipo akadali moyo, pitani kwa iwo sabata ino. Muwagwadire monga anakuphunzitsirani, muwathokoze, ndipo muwauze kuti mwakayezetsa magazi.