Dotolo Naye Amaleredwa

Ife a ku Kasungu tidziŵa kuti mwana saphunzira kusankha fodya poŵerenga buku. Amakhala m'chigafa pambali pa atate ake, nagwira tsamba ndi tsamba, kufikira manja ake atadziŵa kusiyanitsa labwino ndi loonongeka. Udotolo uli chimodzimodzi, kungoti kumeneko cholakwa chimodzi chingataye moyo wa munthu.

Sukulu ya udotolo ya dziko lathu inatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1991, ndipo mmodzi wa amene anaikhazikitsa anali Profesa John Chiphangwi, dotolo wa amayi oyembekezera. Kuyambira 2021 sukuluyi ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Ophunzira amamva zambiri m'kalasi, koma luso lenileni amalitola m'chipatala cha Gulupu, poyendera odwala m'maŵa pambuyo pa dotolo wamkulu. Pamenepo aona mmene iye afunsira wodwala modekha, mmene apimira mwana wa malungo, ndi mmene auzira banja uthenga woŵaŵa. Koposa zonse, aona munthu wamkulu akuvomera kuti china chamkanika, napita kukafunsa mnzake. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma m'chipatala, dotolo akapanda kufunsa, wodya phulalo ndi wodwala.

Taganizani za mnyamata amene wangomaliza maphunziro, natumizidwa ku chipatala cha boma pa Kasungu. Pakati pa usiku afika mayi wochokera ku esiteti ya fodya, akutaya magazi atangobereka. Mabuku onse ali m'mutu mwake, koma mtima ukugunda. Wodala mnyamatayo ngati ali ndi mphunzitsi amene angamuimbire lamya mosaopa kudzudzulidwa.

Tsono inu achinyamata amene mukhumba ntchitoyi, funani wamkulu woopa Mulungu kuti akuyang'anireni, ndipo musachite manyazi kumuonetsa zolakwa zanu. Inu makolo, mwana akabwera ku tchuthi musafunse za mayeso zokha, mumfunsenso kuti, "Kodi akukulangiza ndani?" Ndipo inu madotolo akuluakulu a mu mpingo wathu, kumbukirani kuti Paulo anayenda ndi Timoteo zaka zambiri asanamsiyire mpingo wa ku Efeso. Tengani mwana mmodzi, muyende naye. Tsiku lina mudzagona pa bedi la chipatala, ndipo manja amene adzakugwireni ndi omwewo munaŵaphunzitsa.