Madokotala athu, kubuula si mankhwala

Pali mawu amene ndatopa nawo m'zipatala zathu: "Limbani mtima." Munthu ali ndi khansa yosachiritsika, dokotala akudziwa kuti kwatsala masiku owerengeka, wodwalayo akukuwa usiku wonse, koma chimene alandira ndi panado ndi malangizo oti apirire. Ukafunsa za mofini, ena amakuyang'ana ngati wapempha chamba. Ukati bwanji amugonetse, yankho lake n'lakuti "ife sitipha anthu."

Wanena zakupha ndani? Timvane bwino, abale anga. Ku Netherlands lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2002 limalola dokotala kuthetsa moyo wa wodwala amene wapempha yekha. Kuno zimenezo n'zoletsedwa, ndipo ine sindikuzifuna. Ndikunena za nthawi imene ululu, befu kapena kubwebweta zakana mankhwala onse, ngakhale mofini, ndipo imfa ili pakhomo. Apo dokotala, atamvana ndi wodwala kapena abale ake, amapereka mankhwala ogonetsa monga midazolam, pang'onopang'ono, ongokwanira kuti munthuyo asamve kuzunzika. Chomutenga ndi nthenda yake yomwe ija.

Kwathu kwa Maganga mayi anga aang'ono anamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero. Masiku anayi otsiriza oyandikana nafe sanaone tulo, ndipo asodzi opita ku usipa ankamva kulira kwawo ali padoko. Nditachonderera, wachipatala wina anandiuza poyera: "Achimwene, tikawabaya n'kutsirizika, mawa inu nomwe mudzati jekeseni ndiyo yawapha."

Mantha amenewa sanachokere kumwamba ayi. Tonse tikukumbukira mphekesera za anamapopa mu 2017, pamene ogwira ntchito zaumoyo ankaopa kulowa m'midzi ina ya ku Mulanje ndi Phalombe. Koma kodi amene alipire mantha a dokotala akhale mayi wosatha n'kutembenuka komwe pamphasa? Dokotala wadzitchinjiriza, wapita kukagona, ululu wausiyira gadiyani.

Asatinamize kuti izi n'zachizungu. Ku Salima konkuno mayi Lucy Finch, namwino wa ku Malawi, anatsegula malo a Ndi Moyo mu 2007 kuti odwala osachira asamafe akulira. Ku Queen Elizabeth chipatala cha Tiyanjane chinayamba ntchito yotereyi mu 2003. Uganda mu 2004 inalola anamwino ophunzitsidwa kulembera odwala mofini, ndipo dziko silinagwe. Chigawo 19 cha malamulo aakulu a dziko lino chimati ulemu wa munthu suyenera kuphwanyidwa. Sichinanene kuti ulemuwo umathera pachipata cha wodi.

Inu amene munabwerako kothawa nkhanza za chipani chimodzi mukuwadziwa bwino mawu oti "wamkulu safunsidwa". Paja mwini wake wa ulamuliro uja analinso dokotala! Pa 14 June 1993 Amalawi anakana kutsekedwa pakamwa, koma mpaka lero gadiyani akafunsa funso m'wodi amaoneka wamwano.

A Medical Council of Malawi ndi a Unduna wa Zaumoyo auze dokotala aliyense mosabisa nthawi yoyenera kugonetsa wodwala, mlingo wake, ndi amene ayenera kuvomereza, kenaka amuteteze akatsata zimenezo. A Kamuzu University of Health Sciences asatulutse wophunzira amene sanayesedwe mayeso a kuthetsa ululu. Ndipo wodwalayo afunsidwe akadali wotha kuyankhula, abale ake ali pomwepo.