BUKU LOSAWERENGA NDI MBEU YA M'THUMBA

Amai ndi abambo, lero ndabwera ndi mlandu. Mlanduwu ndi wa ife tonse, ndipo woyamba kugwidwa nawo ndine mphunzitsi wanu.

Sabata yatha ndinatsegula bokosi langa. Ndinapezamo mabuku 9 a Cikhristu. Amene ndinawerenga mpaka kumapeto ndi 2 okha. Ena 3 ndinawasiya pa masamba oyamba. Otsalawo sindinawatsegule nkomwe. Limodzi linali litadyedwa ndi ciswe. Ciswe cinafika pakati pa buku ine ndisanafikepo!

Nanga kwanu kuli bwanji? Kayang'aneni m'bokosi, m'dengu ndi pa tsindwi. Muli mabuku angati? Mwatsiriza angati?

Tonse tikudziwa mmene zimayambira. Tagulitsa kacewere kapena nyemba. Tapita ku msika wa ku Ulongwe, ndalama ziri m'thumba. Wamalonda wayala mabuku pa saka. Zikuto zake zikunyezimira. Lina likulonjeza cuma msanga. Lina likuti limamasulira maloto onse. Timagula, timafika kunyumba, timaliponya m'bokosi. Mwezi wamawa timagulanso lina. Ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Ndalama imeneyo sinatoledwe pa njira. Ndi thukuta la ku munda. Ndi sopo wa banja, ndi kope la mwana, ndi feteleza. Kodi tinalima caka conse kuti tidyetse ciswe?

Wina anena kuti: “Kugula buku la Mulungu si kutaya ndalama.” Ndikuyankha kuti: mbeu ingakhale yabwino cotani, ikakhala m'thumba siibala. Amaidya ndi anankafumbwe. Palibe mlimi amene amagula mbeu yatsopano caka ndi caka, yakale asanabzale. Tikamuona wotero timamuseka. Nanga bwanji sitidziseka tokha?

Wina anena kuti: “Buku likangokhala m'nyumba limabweretsa madalitso.” Iai! Buku si cithumwa. Ena amagonera Baibulo ku mutu kuti awateteze usiku, koma osalitsegula masana. Pepala ndi inki ziribe mphamvu. Mau ndiwo ali ndi nchito, ndipo amaigwira akalowa m'mutu ndi mumtima.

Palinso matenda ena: kudzionetsera. Munthu amanyamula buku lalikulu la Cingerezi popita ku chalichi, pamene Cingerezi sakucimva. Akufuna kuti anthu anene kuti ndi wophunzira. Kumeneko ndi kudzinamiza. Wophunzira amadziwika ndi zimene wamva, osati ndi kulemera kwa katundu wake.

Tikumbukire kumene tacokera. Mabuku a Mulungu m'cinenero cathu ndi akale. Mu 1912 Baibulo lonse linatuluka m'Cinyanja ca anthu a m'mbali mwa nyanja, lomasuliridwa ndi William Percival Johnson. Mu 1922 linatuluka Buku Lopatulika. Koma mu 1975, pamene dziko lathu la Mozambique linalandira ufulu, mwa anthu 10 alionse oposa 9 sankadziwa kuwerenga. Makolo athu ankaligwira buku m'manja, koma ankadikira mphunzitsi kapena katekisiti kuti awawerengere. Iwo anali ndi cifukwa cosawerengera. Ife amene timakhala pano madzulo kuphunzira zilembo, tiri ndi cifukwa canji?

Musandimve molakwa. Sindikuletsa kugula mabuku. Nyumba yopanda buku ndi yosauka. Ndikutsutsa kugula kopanda maso. Cotero tisanaturutse ndalama, tidzifunse mafunso 4.

Loyamba: kodi ndatsiriza buku limene liri kunyumba? Ngati sindinatsirize, ndalama ibwerere m'thumba.

Laciwiri: kodi bukuli ndikulimva? Litseguleni pa msika pomwepo. Werengani tsamba limodzi. Onani cinenero cake ndi kukula kwa zilembo. Kale tinkagula poona cithunzi cokha. Tsopano tikudziwa kuwerenga, ndipo wamalonda asatinamizenso. Akakana kuti mutsegule, musiyeni ndi katundu wake. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lacitatu: kodi analemba ndani, ndipo akuphunzitsa ciani? Si buku lirilonse lokhala ndi mtanda pa cikuto limene limanena zoona. Buku likakuuzani kuti musiye mankhwala a ku cipatala, kapena kuti mupereke ndalama kuti mulemere osagwira khasu, likukuberani. M'buku la Macitidwe, mutu 17, anthu a ku Bereya anayamikiridwa cifukwa ankafufuza m'Malembo tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zimene ankamva zinali zoona. Iwo ankafufuza ngakhale mau a Paulo. Ife tiopa bwanji kufufuza mau a wamalonda?

Lacinai: kodi mnzanga alibe bukuli kuti andibwereke? Mudzi umodzi suyenera kugula buku limodzimodzi kakhumi, lonse nkugona m'mabokosi.

Wina anena kuti: “Nthawi ndiribe, ndiponso ndimawerenga pang'onopang'ono.” Tiyeni tiwerengetse. Uthenga Wabwino wa Marko uli ndi mitu 16. Mutu umodzi tsiku lirilonse, ndiye kuti masiku 16 mwatsiriza. Ngati mutu ukutalika, ugaweni pawiri: mutenga mwezi umodzi ndi masiku ocepa. Cipangano Catsopano ciri ndi mabuku 27 ndi mitu 260. Mutu umodzi pa tsiku, mutsiriza miyezi 9 isanakwane. Munda waukulu umatha ndi mzere umodzi umodzi. Ndipo tsamba lirilonse limene mwawerenga kunyumba likunola zimene mwaphunzira m'kalasi muno. Khasu losalimira limacita dzimbiri. Kuwerenga nakonso, mukakusiya kumathawa.

Tsono tigwirizane cocita. Lacisanu likudzali aliyense abwere ndi mabuku ake onse. Ine ndidzayamba kuika anga 7 aja pa tebulo, limodzi ndi lodyedwa ndi ciswe lija. Tidzalemba maina a mabuku ndi eni ake m'kope limodzi. Aliyense adzasankha buku limodzi lokha. Pakatha milungu iwiri adzatiuza zimene wamvamo. Amene maso ake atopa, mnzake amuwerengere mokweza. Buku likatha, lipite kwa wina.

Tinavutika kuti tidziwe zilembo. Tinapirira kusekedwa kuti tikupita ku sukulu ndi imvi. Tisalole kuti mabuku athu awerengedwe ndi ciswe.

Tiwerenge limene tiri nalo, kenaka tigule lina!

Mafunso okambirana

1. Kodi kunyumba kwanu kuli mabuku angati amene simunawerenge?
2. Cifukwa ciani wolemba akuti buku si cithumwa?
3. Chulani mafunso 4 oyenera kudzifunsa tisanagule buku.
4. Lembani m'kope mwanu dzina la buku limene muyambe kuwerenga sabata ino.