LAMULO LA LIWIRO LIGWIRENSO MWINI BASI

Pa 22 July, 2025, anthu 17 anafa pa mlatho wa Manyame, pa mseu wa Seke umene ulumikiza Chitungwiza ndi Harare, pamene lole yaikulu inacoka kumbali kwace niphwanya kombi yonyamula anthu. Maliro amenewa anakhudza anthu onse a ku Zengeza, St Mary's ndi Seke, pakuti mseu umenewu ndiwo umene anchito ayendamo m'mawa ndi madzulo. Tsono ngati zotere zicitika pakhomo pa mzinda, pamene apolisi ndi zipatala ziri pafupi, nanga kuli bwanji ku miseu ya kumidzi, monga wopita ku Dema ndi Hwedza, kumene anchito omwewa apita pakutha pa mwezi kukaona makolo ao?

Miseu ya kutali ndi mizinda yatha anthu ambiri m'dziko lino. M'caka ca 1991 basi inagubuduzika ku Nyanga nipha anthu oposa 80, ambiri a iwo ana a sukulu. Mu June 2017 anthu oposa 40 anafera ku Nyamakate m'basi yopita ku Zambia, ndipo mu November 2018 enanso oposa 40 anafa pamene mabasi awiri anaombana pafupi ndi Rusape.

Boma silinakhale cete ai. M'caka ca 2023 linaika lamulo lochedwa Statutory Instrument 118, lakuti magalimoto onyamula anthu olipira ndi malole aakulu aikidwe makina oletsa kupitirira makilomita 100 pa ola. Lamuloli nlabwino ndithu, koma anthu adziwe kuti 100 ndiwo malire cabe. Galimoto yothamanga liwiro limeneli ipita mamita 28 pa sekondi imodzi, ndipo liwiro likawirikizidwa kawiri, mtunda wofunika kuti mabuleki aimitse galimoto uwirikizidwa kanai. Pa mseu wa kumudzi wopanda mpanda, pamene ng'ombe, ngolo ndi ana a sukulu aoloka paliponse, woyendetsa wanzeru sayandikira nkomwe malire amenewo.

Nanga oyendetsa athamangiranji, pokhala iwonso afera m'ngozi zomwezo? Cifukwa cacikulu ciri m'kalipidwe kao. Eni mabasi ndi makombi ambiri alamula kuti woyendetsa abwere ndi ndalama zakutizakuti tsiku ndi tsiku, ndipo zikapanda kukwana, nchito yace iri pangozi. Cotero athamanga kuti afike pa siteji mnzace asanatole anthu. Akagwidwa, cindapusa cigwera iye. Akacotsedwa nchito, mawa lace wina wakhala kale pa mpando, ndipo lamulo la mwini basi liri comweco. Kulanga woyendetsa yekha kuli ngati kusadza nthambi za mtengo ndi kusiya tsinde lace.

Cifukwa cace nkoyenera kuti cilango cifike kwa mwini. Basi ikapezeka yopanda makina aja, kapena makina ataonongedwa dala, cilolezo ca mwiniyo conyamulira anthu cilandidwe. Akuluakulu a Vehicle Inspection Department asamayembekeze mabasi ku maofesi ao okha, koma adziwayesanso pa miseu ya kumidzi, makamaka pa nyengo ya Khirisimasi ndi Isitala pamene anthu acuruka pa ulendo. Eni mabasi adzati mafuta ndi zitsulo zakwera mtengo, ndipo m'menemo sanama. Koma mtengo wa bokosi la maliro, ndi wa kulera ana amasiye, ugwera mabanja a anchito amene analipira ulendo wao mokwanira.

Apaulendo naonso ali ndi mbali yao. Alipo ena amene atama woyendetsa waliwiro namnyoza wofatsa, kuiwala mau a akulu akuti kuthamanga sikufika. Munthu amene walipira ndalama zace ali ndi mphamvu yakudzudzula woyendetsa, yakutsika pa siteji yotsatira, ndi yakupereka nambala ya basiyo kwa apolisi. Anthu asanu akalankhula pamodzi m'basi, woyendetsa amva. Ndipo mwini basi akaona kuti liwiro limcotsera cilolezo ndi apaulendo omwe, iye yekha adzauza woyendetsa wace kuti ayende bwino.