ZA ULIMI NDI ZIWETO: KODI CIKHO CA MPIKISANO CIMAKONZA MTUNDU WA GALU?

Galu ndi ciweto cimene sicidyedwa, sicikamidwa mkaka ndiponso sicikoka pulawo, komabe mlimi amene anaberedwapo mbuzi usiku adziwa bwino mtengo wake. M'maiko a ku Ulaya, kumene agalu amabusa nkhosa ndi kuthandiza apolisi, anthu akhala akucititsa mipikisano ya agalu kwa zaka zoposa 150. Galu wopambana alandira cikho ndi cikalata caulemu, ndipo ana ake agulidwa ndi ndalama zambiri. M'mwezi wa February 2020, pa msika wa ziweto wa ku Skipton m'dziko la England, galu wamkazi wobusa nkhosa dzina lake Megan anagulidwa ndi mapaundi 18,900. Pamene ndalama zotere zisinthana manja, funso liyenera kufunsidwa: kodi zikho ndi zikalata zimenezi zimayesadi nchito ya galu, ndipo kodi zimakonza mtundu wake?

AGALU A ABUSA

Mpikisano wa agalu obusa nkhosa umene ukumbukidwa monga woyamba m'dziko la Britain unacitikira ku Bala, m'cigawo ca Wales, m'mwezi wa October 1873, ndipo anapambana ndi galu wochedwa Tweed. M'caka ca 1906 abusa anakhazikitsa bungwe la International Sheep Dog Society, limene lisunga buku la maina a agalu a mtundu wa Border Collie kufikira lero.

Kayesedwe kake ndi kotere. Nkhosa 5 ziimikidwa pa mtunda wa mayadi 400 kucokera pamene mbusa waima. Galu athamanga mozungulira kuti akafike kumbuyo kwa nkhosazo osaziopsa, azibweretsa molunjika kwa mbuye wake, azipitikitsa kudutsa pa zipata zoikidwa, apatulako zina pa zinzake, ndipo potsiriza azilowetsa m'kakhola kakang'ono. Mbusa amlamula ndi mluzu ndi mau cabe, ndipo zonse ziyenera kutha m'mphindi 15. Pa tsiku lotsiriza la mpikisano waukulu wa caka, galu atumidwa kukatenga magulu awiri a nkhosa 10 pa gulu liri lonse, pa mtunda wa mayadi pafupifupi 800.

Oweruza sayang'ana maanga a galu kapena kaimidwe ka makutu ake. Ayang'ana nchito yokha, ndipo nchitoyo ndi yomwe mbusa afuna kubusa tsiku ndi tsiku. Pa cifukwa cimeneci mipikisanoyi inathandizadi mtundu wa Border Collie. Kale mbusa anali kudziwa agalu a m'cigwa cake cokha. Mpikisano unasonkhanitsa agalu a kutali pa bwalo limodzi, pamaso pa anthu odziwa nkhosa, kotero kuti wabwino anaonekera poyera ndipo mbeu yake inafunidwa. Bungwe lija lilinso ndi lamulo lanzeru: galu amene makolo ake sanalembedwe m'buku angathe kulembedwa ngati waonetsa yekha kuti nchito aidziwa.

Koma cikho ciri ndi vuto lake. Galu wamwamuna wochedwa Wiston Cap, wobadwa m'caka ca 1963, anapambana mpikisano waukulu m'caka ca 1965 asanakwanitse ndi zaka ziwiri zomwe. Abusa ambiri anathamangira kukakweretsa agalu ao kwa iye, ndipo lero magazi ake apezeka mwa agalu oculuka a mtunduwo. Woweta ng'ombe ali yense adziwa zimene zicitika nkhunzi imodzi ikakhalitsa m'khola: ubwino wake ufalikira, koma cirema ciri conse cobisika m'magazi ake cifalikiranso, ndipo pambuyo pake abale ayamba kukwerana okhaokha.

Ndiponso mphindi 15 pa bwalo losalala si tsiku lathunthu m'mapiri, m'mvula ndi m'cisanu. Nkhosa zozolowera agalu zimvera msanga, koma nkhosa yamkazi imene iteteza mwana wake iima nji ndi kugunda pansi. Galu amene acita bwino pomvera mluzu uli wonse angathe kusowa cocita pamene wapita kuseri kwa phiri, kumene mbuye wake samuona.

GALU WA APOLISI

Nkhani ya galu wa German Shepherd, amene anthu ambiri kuno amdziwa ndi dzina lakuti Alsatian, iphunzitsa zambiri. M'caka ca 1899 Max von Stephanitz, amene anali kapitao wa asilikali a pa akavalo ku Germany, anagula galu namucha Horand von Grafrath, ndipo anayambitsa bungwe loyang'anira mtunduwo. Iye anafuna galu wanchito koposa galu wokongola. Poona kuti nchito yobusa nkhosa inali kucepa, bungwelo linakonza mayeso ochedwa Schutzhund, amene kuyambira m'caka ca 2019 achedwa IGP.

Mayesowa ali ndi mbali zitatu. Yoyamba ndi kulondola fungo la mapazi a munthu m'munda ndi kupeza tinthu timene wataya. Yaciwiri ndi kumvera: kuyenda pambali pa mbuye wake, kukhala, kugona, kulumpha cochinga ndi kusaopa kulira kwa mfuti. Yacitatu ndi kuteteza: galu afunafuna munthu wobisala, amuuwa osamluma, agwira mkono wovekedwa cocinjiriza pamene munthuyo athawa kapena aukira, ndipo aleka pomwepo akalamulidwa. Galu wokana kuleka acotsedwa pa mayeso. Mbali iri yonse iri ndi mapointi 100, ndipo galu ayenera kupeza 70 kuti apite.

Colinga cinali cabwino: galu wamantha, waulesi kapena wolusa mopanda nzeru asabale ana olembedwa m'buku la mtunduwo. Koma m'kupita kwa zaka zinthu ziwiri zinacitika. Coyamba, mayeso anasanduka masewera ofuna mapointi. Bwalo ndi lofanana nthawi zonse, zocitika zitsatana mofanana, ndipo mphunzitsi waluso angathe kuzolowetsa galu wamba kufikira atapita. Luso la mphunzitsi silolowa m'magazi a galu. Mwana abadwa ndi mtima wa makolo ake, osati ndi maphunziro ao.

Caciwiri, mtunduwo unagawikana pawiri. Ena anaweta agalu anchito, ena anaweta agalu oonetsa pa zionetsero za kukongola, a msana wotsetsereka ndi miyendo yakumbuyo yopindika kwambiri. Ku Germany agalu a magulu onse awiri anali ndi zikalata za mayeso omwewo, pakuti lamulo la bungwe linatero, koma cikalata sicinaletse kugawikanako. M'caka ca 2016, pa cionetsero cacikuru ca Crufts ku Birmingham, galu amene anasankhidwa kukhala woposa onse a mtundu wa German Shepherd anadandaulitsa anthu ambiri kaamba ka msana wake ndi kayendedwe kake kodzandira. Akale anati cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere.

Apolisi ndi asilikali a m'maiko ambiri, amene afuna galu wogwira nchito zaka zambiri osadwala ciuno, anayamba kugula kwambiri galu wa ku Belgium wochedwa Malinois, wopepuka thupi ndi wacangu. Ku Netherlands, bungwe la KNPV loyesa agalu a nchito ya upolisi, limene linayamba m'caka ca 1907, silifunsa cikalata ca makolo a galu, ndipo agalu ambiri opita mayeso ake ndi osakanizika mitundu.

UMBONI WA KU LUANGWA

Citsanzo cina ciri pafupi. M'caka ca 2014 agalu onunkhiza anayamba kuthandiza oteteza nyama za m'chire ku South Luangwa, m'cigawo ca Kum'mawa. Mmodzi wa oyamba anali Ruger, galu wosakanizika mtundu amene anatoledwa ku Montana m'dziko la America nasungidwa ku nyumba ya agalu osowa mwini. Analibe cikho ngakhale cikalata ca makolo, ndipo maso ake anali kufooka. Koma pa misewu pamene magalimoto anali kusecedwa, mphuno yake inavumbula minyanga ya njobvu, mfuti, zipolopolo ndi nyama yophedwa mopanda lamulo. Amene anamsankha anayang'ana cinthu cimodzi: khama lake losatopa pofunafuna.

PHUNZIRO KWA MLIMI

Cotero yankho liri pawiri. Mpikisano ukonza mtundu wa galu ngati ufanana kwambiri ndi nchito yeniyeni, ngati oweruza ake ndi anthu ogwira nchitoyo, ndiponso ngati oweta sathamangira onse kwa galu mmodzi wopambana. Uononga mtundu pamene cikho cisanduka colinga, nchito niiwalika. Cikalata ndi mboni imodzi cabe, ndipo mlandu suweruzidwa ndi mboni imodzi.

Mlimi wa ku Petauke, Katete kapena Lundazi amene afuna kamwana ka galu sadzafunsa za zikho, koma angathe kukopeka ndi wogulitsa wa m'tauni wonena kuti galu wake ndi wa mtundu wa apolisi. Asanatulutse ndalama ya cimanga kapena ya nshawa zake, aone make wa kagaluko, ndipo ngati kutheka aonenso atate wake. Kodi auwa mlendo usiku, nakhala cete kwa ana a pakhomo? Kodi asiya nkhuku ndi mbuzi mu mtendere? Kodi ayenda mtunda wautali osatsimphina? Make mbuu, mwana mbuu. Afunsenso ngati makolowo analandira katemera wa ciwewe, pakuti cikalata ca katemera ndico ciposa zonse pa mudzi pamene pali ana.

Galu wa kumudzi, amene ambiri amnyoza, anayesedwa kale ndi dzuwa la mwezi wa October, nkhupakupa, njala ndi maulendo a kumunda. Mayeso amenewo alibe cikho, koma ndi ovuta kunamiza. Woweta wanzeru asunga ana a galu amene waonetsa nchito pakhomo, asintha galu wamwamuna kuti abale asakwerane, ndipo adyetsa bwino mlonda wakeyo. Mtundu wa galu, monga wa ng'ombe, ukonzedwa ndi diso la mwini wake caka ndi caka.